Magalimoto Akale a ku Italy ndi Ana a ku Guidizzolo

M'caka ca 2016, m'mzinda wa Paris, anthu acuma anasonkhana kudzapikisana pa mtengo wa galimoto imodzi yakale, yofiira, yopanda denga, ya mipando iwiri yokha. Galimotoyo inapangidwa mu 1957 ku Maranello, m'dziko la Italy, ndipo dzina lace ndi Ferrari 335 S. Singathe kunyamula matumba a cimanga, kapena kumka ndi wodwala kucipatala. Koma potha malondawo munthu wina anaigula ndi ndalama za euro zokwana 32 miliyoni. Owerenga athu adzati, Ha! imeneyo ndiyo misala ya anthu okhuta. Ife sitifulumira kutero, pakuti mlandu sagamula asanamve mbali zonse. Tifuna kuyesa mwambo uwu wa kusunga magalimoto akale a liwiro ndi kukondwera nao, tione pamene pali cokoma cace, ndi pamene pali colakwa cace.

Poyamba tidziwe cimene wogula uja anagula. Sanagule citsulo cokha ai, pakuti citsulo cakale sicifika mtengo wotere. Anagula mbiri. Galimoto imeneyo inathamanga pa mpikisano womveka wa ku Italy, dzina lace Mille Miglia, ndiko kunena mailosi 1,000. Mpikisanowo unayamba mu 1927. Magalimoto ankanyamuka m'mzinda wa Brescia, kumpoto kwa dzikolo, natsikira ku Roma, nabwereranso ku Brescia ndi njira yina, ulendo wa makilomita ngati 1,600. Sankathamanga m'bwalo locingidwa, koma m'miseu yomweyo ya anthu onse, kupyola m'mizinda, m'midzi ndi m'mapiri. Ndipo anthu ankaima m'mbali mwa mseu, akulu ndi ana omwe, kuti aone. Mpikisanowo unacitika nthawi 24 kufikira 1957. Magalimoto a Alfa Romeo anapambana nthawi 11, ndi a Ferrari nthawi 8.

Tsono tinene zokoma, pakuti ziripo ndithu. Coyamba ndico umisiri. Thupi la galimoto ija linasulidwa ndi manja ku Modena, m'nyumba ya nchito ya Sergio Scaglietti, kumene amisiri ankatenga citsulo copepuka ca aluminiyamu, nacimenya ndi nyundo pang'ono pang'ono kufikira citapindika monga anafuna. Injini yace ndi ya masilinda 12, ndipo kuti onsewo agwire nchito mogwirizana pafunika mmisiri wa khutu lakuthwa. Yense amene anaona wosula alikuturutsa nkhwangwa m'citsulo cacabe, kapena mai alikuumba mtsuko wopanda cikombole, adziwa kuti nchito ya manja iri ndi ulemu wace. Amene asunga magalimoto awa asunganso amisiri. Pakuti cikathyoka cina, kawirikawiri sicipezeka m'sitolo, koma munthu acipange mwatsopano, ndipo pakutero anyamata aphunzira nzeru imene ikadafa pamodzi ndi nkhalamba. Ici ticiyamika osanyinyirika.

Caciwiri ndi cakuti ambiri a eni ace awayendetsa. Mu 1977 anthu a ku Brescia anautsa ulendo wa cikumbutso, wodzera njira yonga yakaleyo, wa masiku angapo, umene m'zaka zino usonkhanitsa magalimoto ngati 400. Alolamo mitundu yokhayo imene inathamanga pakati pa 1927 ndi 1957. Ndipo lamulo lace lasinthika: wopambana sali iye wofika msanga, koma iye wofika pa nthawi imene anamuikira, osafulumira, osacedwa. Ng'oma yopacikidwa kutsindwi, yosaombedwa, idyedwa ndi ciswe. Momwemonso galimoto yotsekeredwa m'nyumba ifa iri ciimire. Mwini wace akaiturutsa pamseu, wosauka wa m'mudzi amene sadzaikwera konse aiona, namva kulira kwace, osalipira kanthu.

Cacitatu ndico kulimba mtima kwa oyendetsa akalewo, kumene sitikukana. Mu 1930 Tazio Nuvolari anapambana ndi Alfa Romeo, nakhala woyamba kutha ulendo wonsewo ndi liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Piero Taruffi anayesa zaka zambiri osapambana, napambana mu 1957 ali ndi zaka 50, ndipo pomwepo analeka kuthamanga. Mtundu uli wonse ukonda kusimba za amuna otere, ndipo sitiwatsutsa anthu a ku Italy pakutero.

Koma akulu anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Taonani manambala awa. Opambana a mu 1927 anatha ulendowo ndi maola 21. Mu 1955 Stirling Moss wa ku England, ndi galimoto ya ku Germany ya Mercedes-Benz, anautha ndi maola 10 ndi mphindi zosakwana 8. M'zaka 28 liwiro linakula kawiri. Koma mseu unali kupyolabe pakhomo pa anthu, ndi miyendo ya mwana wothawa inali yomwe ija. Ndipo cenjezo silinasowe. Mu 1938, ku Bologna, galimoto ina inalowa m'khamu la oonerera, nipha anthu 10, mwa iwo ana 7; boma linaletsa mpikisanowo, ndipo mu 1939 sunacitike. Koma itatha nkhondo, mu 1947, unabwerera m'miseu ya anthu. Mu 1955, pa mpikisano wina ku Le Mans m'dziko la France, anafa oonerera oposa 80. Ngakhale pamenepo a Mille Miglia sanaleke.

Ndipo linafika tsiku la 12 Meyi 1957. Alfonso de Portago, mwana wa mfulu wa ku Spain, wa zaka 28, anali kuyendetsa Ferrari pamodzi ndi bwenzi lace Edmund Nelson wa ku America. Atatha pafupifupi ulendo wonse, pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo, Brescia ali patsogolo pang'ono, tayala lakutsogolo linaphulika galimoto iri pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Inapatuka pamseu, nigwera anthu. Anafa awiri a m'galimotomo, ndi oonerera 9. Mwa iwo asanu anali ana. Tsiku lomwelo magalimoto a Ferrari anatenga malo oyamba, aciwiri ndi acitatu. Yoyamba inali ya Taruffi uja. Yaciwiri, imene anayendetsa Wolfgang von Trips, ndiyo yomwe ija inagulidwa ku Paris, ingakhale injini yace anaikuza pambuyo pace. Inacokera m'nyumba imodzi ndi imene inapha anawo, ndipo inadzera mseu womwewo tsiku lomwelo. Zitatero boma linathetsa mpikisanowo. Enzo Ferrari, mwini nyumba yopanga magalimotowo, anaimbidwa mlandu wa imfazo, ndipo mu 1961 bwalo linampeza wosalakwa. Ife sitiutsanso mlandu umene bwalo linatha.

Mlandu wathu ndi wina: ndiwo wa kasimbidwe ka mbiri. Kawirikawiri okonda magalimoto awa akayamba kusimba, achula maina a oyendetsa monga munthu achula mzera wa mafumu, ndi zaka zao, ndi maola ao, ndi nambala yolembedwa pa galimoto iri yonse. Koma akafika pa Guidizzolo, mau aceperatu, ndipo anawo asanduka nambala cabe. Ngakhale ife m'nkhani yino tagwa m'dzenje lomwelo: oyendetsa tawachula maina, ana tangowawerenga. Koma tayesani mbali ziwirizi. Woyendetsa anadziwa kuti angafe, nabvomera, pofuna mphotho ndi ulemu. Mwana sanabvomere kanthu, ndipo panalibe mphotho yomdikira. Wina adzati, Nanga sanadze okha kudzaonerera? Inde anadza, koma mwana uti amene amva ng'oma pabwalo la kwao nakhala m'nyumba? Kucinga mwana ndiyo nchito ya akulu, ndipo akuluwo anadziwa za ku Bologna. Cifukwa cace tiyamika cithunzi ca kanema ca Michael Mann, dzina lace Ferrari, ca mu 2023, pakuti cinaonetsa ngoziyo osabisa, ndipo a m'mbali mwa mseu cinawaonetsa monga anthu a mabanja ao, si khamu lopanda nkhope ai. Ena anati n'coopsa kuona. Ife titi, ciyenera kuopsa.

Colakwa cina cibadwa ndi mtengo. Magalimoto a mtundu wa Ferrari 250 GTO anapangidwa 36 okha, ndipo imodzi inagulidwa ku California mu 2018 ndi madola 48 miliyoni. Cinthu cikafika mtengo wotere, mwini wace ayamba kuciopa. Aleka kuciona monga nchito ya mmisiri, naciyesa nkhokwe ya ndalama. Ndipo cimene cikweza mtengo ndico mbiri ya mipikisano: galimoto imene inathamanga pa tsiku lomveka iposa inzace imene inakhala kunyumba. Cotero masiku oopsa aja asanduka ndalama m'thumba la anthu amene sanaikepo moyo wao, kapena kuika mwana wao m'manda.

Tsono tigamule bwanji? Sitinena kuti magalimotowo atenthedwe, kapena kuti wokondwera nao wacimwa. Citsulo ciribe mlandu, ndipo cinthu cokongola copangidwa ndi manja ciyenera kusungidwa. Tinena ici cokha: wolowa dzina la malume wace salowa ufumu wokha, alowa ndi milandu yomwe, ndipo sangati, Ng'ombe ndi zanga, koma ngongole sindizidziwa. Wogula mbiri agule yonse. Mwambo uwu uli wabwino pamene uyendetsa magalimoto pa nthawi yoikika, osati pa liwiro lakupha. Pamene udyetsa amisiri ndi kuphunzitsa anyamata. Ndi pamene usimba za Guidizzolo ndi mau ocuruka monga usimba za Nuvolari. Ukasowa cimodzi ca izi, watsala kudzionetsera kwa acuma.

Pambali pa mseu, pafupi ndi Guidizzolo, pali mwala wa cikumbutso ca amene anafa tsiku lija. Tikadakhala ndi mau kwa mwini wa galimoto yofiira ya ku Paris, tikadampempha cinthu cimodzi. Tsiku lina adzere mseu umenewo, ndipo pofika pamwalapo aime, azime injini, abvule cisoti, afunse eni mudzi maina a ana asanu aja, nawalembe m'buku momwe alemba mbiri ya galimoto yace. Akatero ailize, apitirire ulendo wace, ndipo ife sitidzakhala naye cifukwa.