Kuulula Kopanda Chikhululukiro: Mugo ndi Gikonyo m'Buku la A Grain of Wheat

M'Chichewa tili ndi mau atatu amene alaliki amakonda kuwatchula pamodzi ngakhale kuti tanthauzo lake ndi losiyana: kuulula, kulapa ndi kupepesa. Kuulula ndiko kutulutsira poyera chimene chinali chobisika. Kulapa ndiko kutembenuka mtima ndi kuleka njira yakale. Kupepesa ndiko kupita kwa amene tamulakwira kuti mtima wake utsike. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kusiyana kumeneku kumatithandiza kumvetsa bwino buku la Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, A Grain of Wheat, limene linasindikizidwa koyamba mu 1967.

Chiphunzitso cha Chikhristu chimamanga mau atatuwa mtolo umodzi. Monga tiwerenga pa 1 Yohane 1:9, wovomereza machimo ake amalandira chikhululukiro, kaya atero kwa wansembe, monga achitira Akatolika, kaya pamaso pa Mulungu ndi akulu a mpingo. Ngugi, amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Alliance, anachidziwa bwino chiphunzitsochi, koma m'buku lake akuumasula mtolowo kuti tione chilichonse pachokha.

Nkhani imachitika m'mudzi wa Thabai, masiku ochepa Kenya asanalandire ufulu pa 12 Disembala 1963. Anthu akumtama Mugo ngati ngwazi chifukwa anapirira nkhanza za kundende, osadziwa kuti ndiye anapereka Kihika, mtsogoleri wa ankhondo a m'nkhalango, m'manja mwa atsamunda amene anamnyonga. Amene akumganizira kuti ndiye mpereki ndi Karanja.

Tiyambe ndi Gikonyo. Pa nthawi ya nkhondo ya Mau Mau, imene inakula mu 1952, boma la atsamunda linkakakamiza akaidi kuulula lumbiro lawo asanamasulidwe. Gikonyo akuulula chifukwa cholakalaka mkazi wake Mumbi. Pano kuulula sikuchotsa tchimo, koma ndiko tchimo lenilenilo, pakuti wataya anzake. Pofika kwawo apeza Mumbi ali ndi mwana wa Karanja, ndipo munthu amene akusowa chikhululukiro mwini wake akukana kukhululukira mkazi wake.

Mugo akuulula kawiri. Koyamba auza Mumbi, mlongo wa Kihika, ali awiri. Uku tingakuyerekeze ndi kupepesa, ndipo Mumbi safuna kuti magazi enanso akhetsedwe. Kachiwiri aimirira pa msonkhano wa tsiku la ufulu nadzitchula yekha pamaso pa khamu limene linabwera kudzamlemekeza. Palibe anamkakamiza, palibenso anali kumganizira. Mtima wake ukupepuka, komatu palibe wansembe kapena mfumu yonena kuti mlandu watha. General R. ndi mnzake amtenga kukamzenga mlandu, ndipo chilango chake ndi imfa.

Kodi tinene kuti Ngugi akukana chikhululukiro? Ife tiona kuti akuchisuntha malo. Dzina la bukuli lachokera ku fanizo la mbewu ya tirigu pa Yohane 12:24, imene iyenera kufa kuti ibale zipatso. Chipatso cha kuulula kwa Mugo chikudyedwa ndi ena. Karanja apulumuka imfa. Gikonyo, ali chigonere m'chipatala ndi mkono wothyoka, aona kulimba mtima kwa Mugo, nayamba kudziyang'ana yekha ndi kuganiza zosemera Mumbi mpando. Ngakhale pamenepo Mumbi savomera msanga. Afuna kuti ayambe akambirana zonse zimene zinachitika pakati pawo. Chikhululukiro cha m'bukuli chimamera pang'onopang'ono, ndipo chimafuna ntchito ya anthu awiri.

Pali phunziro kwa ife ofufuza zilankhulo. Womasulira bukuli m'Chichewa akagwiritsa ntchito liu loti kulapa ponseponse, adzasandutsa Gikonyo ndi Mugo anthu ofanana, ndipo bukulo lidzamveka ngati ulaliki. Gikonyo anaulula osalapa, ndipo kulapa kwake kunadza mochedwa. Mugo anaulula nalapa, koma sanakhululukidwe. Tipempha anzathu a zilankhulo zina za chigawo chino kuti afufuze ngati mau awo a kumudzi amasunganso kusiyana kumeneku, kapena ngati mau a m'tchalitchi anakumeza kale.