Mnyamata Amene Anathawira pa Nyanja: Tiyese Buku la Dove

Kodi simunakhalepo ndi tsiku limene mumafuna kungocoka? Kusukulu aphunzitsi akukalipirani, kunyumba amai akufunsa cifukwa cimene simunatunge madzi, kuchalichi nako akulu a mpingo akuti cobvala canu sicoyenera. Mumtima mumangoti, ndikanakhala kumalo kumene kulibe wondilamula! Ngakhale Davide, pa Salimo 55, analakalaka mapiko a nkhunda kuti athawe mabvuto ake. Buku limene tiyese mwezi uno likamba za mnyamata amene anathawadi, ndipo anathawira pa nyanja yamcere.

Dzina la bukulo ndi Dove, ndiko kuti nkhunda m'Cingerezi, ndipo linatuluka mu 1972. Mwini nkhani ndi Robin Lee Graham wa ku America, amene analilemba mothandizidwa ndi mlembi wina, Derek Gill. Mu 1974 nkhani yomweyi anaipanga filimu yochedwa The Dove. Ambiri amalichula ngati buku la ufulu. Ine nditaliwerenga ndinaona kuti ndi buku la kusungulumwa, ndipo ubwino wake wagona pomwepo.

Ulendo wake mwacidule

Pa 27 Julayi 1965, Robin ali ndi zaka 16 cabe, ananyamuka yekha pa doko la San Pedro ku California m'boti la matanga lochedwa Dove. Utali wa botilo unali mafiti 24, ndiwo mamita 7 ndi pang'ono. Anzake a paulendo anali tiana ta mphaka tiwiri. Atapumula ku Hawaii, mu Sepitembala analowera kumwera kwa nyanja ya Pacific, naima pa zisumbu za Fanning, Samoa, Tonga, Fiji, New Hebrides (imene kuyambira mu 1980 ichedwa Vanuatu) ndi Solomon, kenaka ku Port Moresby ndi ku Darwin m'dziko la Australia.

Kucoka kumeneko anaoloka nyanja ya Indian kudzera ku Cocos, Mauritius ndi Réunion, nafika ku Durban mu 1967. Anazungulira kumunsi kwa Africa, naoloka Atlantic kudzera ku Ascension mpaka ku Suriname ndi Barbados. Dove atatopa, Robin anamgulitsa nagula boti lokulirapo la mafiti 33, limene analicha Return of Dove. Anadutsa mu ngalande ya Panama, naima ku zisumbu za Galápagos, ndipo pa 30 Epulo 1970 anafika ku Los Angeles ali ndi zaka 21. Ulendo wonse unatenga pafupifupi zaka zisanu.

Cimene bukuli licita bwino

Ife a m'Zambia tiribe gombe la nyanja yamcere, ndipo tikaona cithunzi ca boti loyera pafupi ndi mitengo ya ngole ndi mcenga wonyezimira timaganiza kuti kumeneko moyo ndi chuthi cosatha. Bukuli likutsegulani maso. Muona kuti wokhala m'boti azingidwa ndi madzi koma sangamwe ngakhale dontho limodzi, pakuti onse ndi amcere. Madzi akumwa amawerenga ngati ndalama. Cakudya cambiri ndi ca m'zitini. Zobvala ndi zofunda siziuma bwino. Tulo nato ndi ta apa ndi apo, cifukwa usiku ngalawa zazikulu sizitha kuona kaboti kotere, ndipo munthu akagona kwambiri angathe kudzuka ali pa matanthwe.

Masiku amenewo kunalibe GPS. Kuti adziwe pamene ali, Robin anali kuyeza kukwera kwa dzuwa ndi kacipangizo kochedwa sextant, nayang'ana wochi, nawerengetsa masamu pa pepala boti likugwedezeka. Mnyamata amene anaipidwa ndi kalasi anapeza kuti pa nyanja kulakwitsa samu imodzi ndiko kuphonya cisumbu conse. Inu amene mukuti masamu alibe nchito, werengani masamba amenewo kawiri.

Mlongoti, ndiwo mtengo wautali wonyamula matanga, unathyoka kawiri. Koyamba kunali pafupi ndi Samoa. Kaciwiri kunali atangocoka ku Cocos, ndipo pofuna kupulumutsa matanga iye mwini anagwera m'madzi, nakwera m'boti mwamwai. Mphepo ya kumeneko iomba kucokera kum'mawa, motero sakanatha kubwerera. Anamanga kathanga kakang'ono pa cimene cinatsala, nayenda nako makilomita oposa 4,000 mpaka ku Mauritius. Nkhani zimenezi azilemba mosadzitama, ndipo Robin sabisa kuti anacita mantha. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo bukuli matopewo likuonetsani.

Koma cimene cinandigwira mtima koposa ndi masiku a bata, pamene mphepo yaleka, nyanja iri phee, ndipo palibe munthu wolankhula naye. Robin anali ndi tepi rekoda, ndipo anali kulankhula nayo ngati mnzake. Anali kulankhulanso ndi amphaka. Aja awiri oyamba sanamalize ulendo, ndipo iye anafunafuna ena, pakuti sakanatha kukhala popanda camoyo cina m'botimo. Taganizani: mnyamata anacoka kwao kuti asamve mau a anthu, ndipo patapita milungu yocepa anali kulirira mau a munthu ali yense. Pofika pa doko lililonse anali kupeza abwenzi, ndipo tsiku lonyamuka linali kumpweteka. Genesis 2:18 ndi Mlaliki 4:9-12 zinanena kale za munthu wokhala yekha, ndipo makolo athu anati kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Robin anayenda ulendo wozungulira dziko lonse kuti aphunzire zimenezi.

Ku Fiji anakumana ndi mtsikana wa ku California dzina lake Patti Ratterree, amenenso anali paulendo. Kuyambira pamenepo nkhani isintha. Nyanja imene kale inali pothawira inasanduka cinthu comlekanitsa ndi wokondedwa wake. Kangapo anafuna kuleka ulendo, koma atate ake ndi magazini imene inali kusindikiza nkhani zake anafuna kuti amalize. Motero uja anathawa malamulo a kusukulu anapezeka womangidwa ndi lonjezo lake lomwe. Bukuli silibisa zimenezi, ndipo ndiliyamikira.

Pamene bukuli litsimphina

Coyamba, musaiwale kufunsa kuti analipira ndani. Boti anamgulira atate ake, Lyle Graham, amene kale anayendapo ndi banja lonse pa zisumbu za Pacific, ndipo ndiko kumene Robin anaphunzira kuyendetsa boti. Anamguliranso cifukwa ca mantha: mnyamatayo anali atathawapo kale ndi anzake awiri m'kaboti kakale ku Hawaii, ndipo namondwe anakaphwanya, iwo napulumuka mwamwai. Magazini ya National Geographic inasindikiza nkhani zake katatu, mu 1968, 1969 ndi 1970, ndipo inathandiza pa ndalama. Zoona, ku Darwin iye anagwirako nchito, koma ufulu umene ukuoneka m'zithunzi unakhazikika pa thumba la anthu ena. Zonsezi ziri m'bukumo, koma wowerenga wothamanga angathe kuzidumpha, natsala ndi loto lakuti munthu angodzuka m'mawa ndi kupita.

Caciwiri, maso a bukuli ali pa boti, pa Patti ndi pa mtima wa Robin. Eni magombe amene anamlandira ndi kumdyetsa tiwaona mongodutsa, akumwetulira, akubvina, kenaka nangula akwezedwa ndipo tapita. Kodi iwo anali kuganiza ciani za mlendoyu? Kumbukiraninso kuti pamene iye anafika ku Durban, dziko la South Africa linali pansi pa ulamuliro wa tsankho wa apartheid. Mnyamata waciyera wa pasipoti ya America anali womasuka kuyenda m'dzikomo, pamene mnyamata wakuda wa msinkhu womwewo, wobadwira momwemo, anali kumangidwa akapezeka m'tauni alibe pasi. Wowerenga wa mu Africa ayenera kuika mfundo imeneyi pambali pa masamba amenewo. Ndiponso kukhala pamadzi si cacilendo kwa osauka. Asodzi a kapenta pa Kariba ndi ku Mpulungu acezera usiku wonse pamadzi ndi nyali zao, ndipo a ku Bangweulu akulira m'mabwato. Iwo namondwe amdziwa bwino, koma palibe magazini yowalipira kuti asimbe za mantha ao. Robin anasankha yekha moyo umenewu ndipo akanatha kuuleka. Iwo akaleka, ana agona ndi njala.

Cacitatu cikhudza cikondi, ndipo pano ndilankhule mosapita m'mbali. Robin ndi Patti anayenda limodzi m'boti pa zisumbu za Yasawa ku Fiji asanakwatirane. Ku Durban, popeza Robin anali asanakwanitse zaka 21, lamulo linafuna cilolezo ca makolo. Makolo poyamba anakana, ndipo awiriwo anangolonjezana okha nadziyesa banja. Ukwati wa palamulo unacitika mu 1968 makolo atabvomera. Bukuli lisimba zimenezi mokoma, ngati kuti anthu awiri okondana safuna wina ali yense. Kunena zoona, ukwati wao unakhalitsa, ndipo tiyamika Mulungu. Koma inu mudziwa atsikana angati m'mudzi mwanu amene analonjezedwa kuseri kopanda mboni, ndipo lero alera okha ana? Ankhoswe, makolo ndi mpingo aikidwa kuti tsiku la mabvuto pakhale wofunsa mwamuna kuti, nanga lonjezo lija? Pa mfundo iyi bukuli lidzitsutsa lokha: masamba onse aphunzitsa kuti munthu sangakhale yekha, koma pa ukwati lifuna tikhulupirire kuti awiri angakhale okha.

Cacinai ndi kalembedwe. Penapake mau amveka osalala kwambiri, a munthu wamkulu wozolowera kulemba, ndipo ndinaganiza kuti apa wolankhula ndi Gill. Malo amene ndinakhulupirira koposa ndi aja otengedwa pa tepi, pamene mnyamata wotopa angodandaula za mphepo ndi cakudya.

Nanga za Mulungu?

Ena amagawira anzao bukuli ngati umboni wa kutembenuka mtima. Pali cifukwa cake. Pa namondwe woopsa pafupi ndi Madagascar, Robin, amene sanali munthu wa mapemphero, anapemphera, ndipo anapulumuka. Wowerenga Baibulo akumbukira pomwepo amalinyero a pa Salimo 107:23-30 ndi aja a m'ngalawa ya Yona. Koma pemphero la mantha tonse timalidziwa, ndipo kawirikawiri mafunde akagona nalonso ligona. Cikhulupiriro ca Robin ndi Patti cionekera ku mapeto a buku, ndipo asimba mofulumira, kotero kuti wowerenga atsala ndi njala. Pa mlongoti wothyoka apatsa masamba okwanira, koma pa mtima wosinthika angokhudzako.

Cimene cinenetsa zambiri ndi cimene anacita atabwerako. Mwana wao woyamba, Quimby, anabadwa mu 1970. Robin analowa pa yunivesite ya Stanford koma sanakhalitse. Banjalo linasamukira ku Montana, dera la mapiri ndi cisanu lopanda gombe la nyanja yamcere monga Zambia, ndipo anamanga nyumba ya mitengo ndi manja ao. Za moyo umenewo analemba m'buku laciwiri, Home Is the Sailor, la mu 1983. Munthu amene anaona magombe okongola koposa pa dziko lapansi anasankha nyumba yosayenda, mkazi, ana ndi Mau a Mulungu.

Tsono tiliwerenge kapena ai?

Liwerengeni. Cingerezi cake ndi cosabvuta, ndipo pa gulu lanu mmodzi angathe kuwerenga mutu umodzi pa sabata ndi kufotokozera anzake m'Cinyanja. Mukhale ndi mapu a dziko lapansi pafupi, muzilondola ulendowo ndi cala. Mudzaphunzira za mphepo, za zisumbu, ndi za kulimba mtima kwa mnyamata wa msinkhu wanu amene anakonza yekha cimene cinathyoka. Koma ngati muli ndi maganizo othawa kwanu, kaya kupita ku Lusaka, ku Copperbelt kapena kutsidya kwa malire popanda kutsazika, muwerenge kawiri masamba a masiku a bata aja. Mabvuto a panyumba ena ndi enieni, ndipo pali nyumba zina zimene mwana ayeneradi kupulumutsidwamo; zikatero uzani abusa, alangizi kapena wacibale wokhulupirika. Koma ngati cimene mukuthawa ndi kulangizidwa cabe, dziwani kuti Robin anacoka pa anthu onse omlangiza, ndipo m'botimo anapeza kuti munthu wobvuta kukhala naye koposa anali iye mwini.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Atate a Robin anamgulira boti poopa kuti athawanso m'kaboti koipa. Kodi anacita bwino? Inu mukanakhala kholo mukanatani?

2. Werengani Yona 1 ndi Luka 15:11-24. Kodi ulendo wa Robin ufanana bwanji ndi maulendo awiriwa, ndipo usiyana nao pati?

3. Kodi pemphero la pa nthawi ya mantha lisanduka bwanji cikhulupiriro ca tsiku ndi tsiku?

4. Pa gulu lanu, ndani amene akhala pakati pa anthu koma ali yekha ngati munthu wa m'boti? Sabata ino mumcitira ciani?