Krashen Akanafika ku Kanyama

Mukakalowa ku yunivesite kukaphunzila za mmene munthu amadziwila cinenelo caciŵili, dzina la Stephen Krashen simudzalizemba. Buku lake la 1982, Principles and Practice in Second Language Acquisition, limati cinenelo cimaloŵa tikamamva mau amene tikuwamvetsa koma otiposa pang'ono. Kuloŵeza malamulo a galamala kumangothandiza kukonza zolakwa. Limatinso mantha amatseka khomo.

Apa Krashen analasa. Aliyense amene analangidwapo kusukulu cifukwa colankhula Cinyanja adziŵa mmene Cizungu cimathaŵila pakamwa aphunzitsi akakuloza.

Koma bukuli limacepetsa kulankhula. Merrill Swain anatsutsa zimenezi mu 1985, ataona ana a ku Canada amene anamva Cifalansa m'kalasi kwa zaka zambili koma n'kumalakwitsabe polankhula. Kondakitala wa ku Kulima Tower amanola Cibemba cake pokangana ndi okwela za cenji, kenako n'kuwongoleledwa pomwepo.

Vuto lina ndi kuŵelenga kwake: coyamba, caciŵili. Mwana wa ku Kanyama amamva Citonga kwa amayi, Cinyanja pamseu, Cibemba m'nyimbo, Cizungu m'kalasi. Coyamba n'citi pamenepa? Buku la 1978 la Sirarpi Ohannessian ndi Mubanga Kashoki, Language in Zambia, lili pafupi ndi moyo umenewu.

Muŵelengeni Krashen, koma pomuyesa gwilitsani nchito zimene makutu anu amamva m'komboni. Mukapanda kutelo, mudzalemba mayeso ngati kuti zinenelo zinai zimene munakula nazo n'zosokoneza.