Mpweya wa ku Mars ndi wa yani? Ndemanga ya buku la A City on Mars

Mumsika wa Lilongwe, kumene anyamata amakonza mafoni ndi kuthira nyimbo m'mamemori khadi, ndinapeza wina akusewera Alpha Centauri pa laputopu yakale. Gemu ya 1999 imeneyi inkandigoneka mochedwa ndili mnyamata. Chombo chimanyamuka pa dziko lapansi, anthu amagawikana m'magulu 7, iwe n'kumamanga mizinda pa pulaneti yachilendo. Ukadina batani munda wamera, ukadinanso anthu achuluka.

Buku la A City on Mars, lomwe linatuluka mu 2023, limafunsa zomwe batani lija limabisa. Analemba ndi banja, Kelly ndi Zach Weinersmith. Mayiyo ndi katswiri wa sayansi ya zamoyo, bamboyo amajambula makatuni. Amavomera okha kuti anayamba kafukufuku wawo akukhulupirira kuti anthu asamukira kumwamba posachedwa, koma pomaliza chikhulupirirocho chinali chitazilala. Mu 2024 bukuli linapata mphoto ya Royal Society ya mabuku a sayansi.

Mitu yoyambirira ikukamba za thupi la munthu. Dothi la ku Mars lili ndi poizoni, cheza choopsa chochokera mumlengalenga chimafika pansi popanda chotchinga chokwanira, ndipo munthu amapepuka kuposa theka la kulemera kwake. Palibe mwana anabadwirapo kunja kwa dziko lino, choncho palibe akudziwa ngati pakati pangakhwime bwino kumeneko. Pali nkhani ya Biosphere 2 ku Arizona, kumene anthu 8 anadzitsekera m'nyumba yagalasi kuyambira 1991 mpaka 1993 kuti azilima chakudya chawo. Anaonda, mpweya wabwino unachepa mpaka anachita kuwapopera wina, ndipo anagawikana pawiri, osamwerana madzi.

Koma pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa mitu ya malamulo ndi ulamuliro. Pangano la 1967 limaletsa dziko lililonse kunena kuti mwezi kapena pulaneti ndi yake, koma silinena momveka za kampani yokumba miyala kumeneko. Olembawa akuchenjeza kuti mudzi woyamba ungadzakhale wa kampani: nyumba yake, chipatala chake, golosale yake, ngakhalenso mpweya womwe wantchito akupuma. Mmalawi safunika kumumasulira zimenezi. Agogo athu ankagwira thangata kuti akhale pa nthaka yomwe inasanduka ya mzungu, ndipo tenanti wa pa esiteti ya fodya ankatenga chimanga pangongole kwa bwana yemweyo amene adzamugule fodya. Komabe tenanti ankatha kuthawa usiku wapansi.

Ndikuwerenga, ndinkaganiza za timilatho tamatabwa tapakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu. Eni ake amalipiritsa aliyense wowoloka mtsinje wa Lilongwe. Akakweza mtengo, umazungulira pa mlatho waukulu, thukuta kamukamu koma wafika. Ku Mars njira yozungulira kulibe, ndipo mpata wabwino wa ulendo pakati pa kumeneko ndi kuno umapezeka kamodzi pa miyezi pafupifupi 26.

Mzinda wathu womwewu unayamba wajambulidwa papepala usanakhale likulu mu 1975, ma Area atapatsidwa manambala ngati mugemu. Madzulo City Centre imangoti zii, pamene ku Old Town anthu ali pikitipikiti. Wojambula mapu sadziwa kumene anthu adzafune kukhala, ndipo apa ndikugwirizana ndi olembawa kuti nzeru zomangira gulu la anthu zatsalira kutali poyerekeza ndi nzeru zopangira maroketi. Malangizo awo ndi oti tidikire, tiphunzire kaye, kenako tidzapite ambiri nthawi imodzi.

Chondidandaulitsa chilipo. Nthabwala ndi makatuni ena ndi za anthu a ku America, kuno sizigwira mtima, ndipo nthawi zina zimadula mfundo ikungoyamba kukoma. Chachikulu n'chakuti buku lokamba zokakhazikitsa midzi kudziko lina likanapereka malo okulirapo kwa ife amene tinalawapo utsamunda. Zomwe John Chilembwe anaona pa esiteti ya Magomero isanafike 1915 zikanawonjezera mphamvu pa mutu wa mudzi wa kampani uja.

Chingerezi chake n'chosavuta, wophunzira wa Fomu 4 angathe kulitsata. Langa ndamubwereka mnyamata wa laputopu uja, nditapinda tsamba pomwe payambira nkhani ya mudzi wa kampani.