Nthano za Nkhondo: Wokwera Kavalo ndi Wa M'linga

Mu 1206 mafuko a ku Mongolia anabvomereza Genghis Khan kukhala mfumu yao, ndipo nkhondo zake zinafalikira kucokera ku China kufikira ku Persia. Patapita zaka 700, Harold Lamb wa ku America anayamba kulemba nthano za maiko amenewo m'magazini yochedwa Adventure, mu 1917, nalembanso mbiri ya mfumuyo mu 1927. Ubwino wa Lamb ngwakuti anafufuza ndithu, ndipo Amongolo ake ndi anthu oganiza, osati zirombo. Robert E. Howard anaphunzira kwa iye, koma m'nthano zake za Conan, zoyamba mu 1932, anasunga lupanga nasiya mbiri. Komatu onse awiri amakweza wowerenga pa kavalo wa wankhondo. Mudzi wotenthedwa uoneka kamphindi, ngati utsi wa kumbuyo.

Kuno nkhani yotere iri m'manja mwa Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, tsiku lija dzuwa linada. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma amene anachuka ndi Nthondo mu 1933, anaiona mwa njira yina. M'buku lake la Msyamboza, limene Cullen Young analimasulira m'Cingerezi mu 1949, mwini nkhani si nduna ya cishango ndi nthungo ai, koma nyakwawa ya Acewa ya ku Dowa, yokhala pansi pa Angoni a Chiwere. Funso la munthu ameneyu ndi la tsiku ndi tsiku: lero agonje kapena akane, apereke mphatso kapena asamutse mudzi? Mtima wa wowerenga ugunda cifukwa ca nkhokwe, ana ndi njira ya kudambo. Apa Ntara aposa Lamb, pakuti mantha a wogonjetsedwa awadziwa kucokera m'kamwa mwa akuluakulu amene anawaona.

Colakwa cake ciripo. Ntara ali ndi cangu ca kufika pa kutembenuka mtima kwa munthu wake, monga anacitiranso mu Nthondo, ndipo zaka za nkhondo zisanduka khonde la calici. Mwina osindikiza a mishoni anakonda cotero. Koma wowerenga afuna kukhalitsa m'mudzimo usiku, pamene agalu auwa ndipo palibe adziwa ngati ndi fisi kapena nkhondo.

Mnyamata wa ku Chama amene wangotsiriza sukulu asayese kuti zimenezi nzakutali. Asenga a m'cigwa ca Luangwa anamanga malinga kuopa Angoni ndi Awemba, ndipo mu 1897 linga la Mfumu Chibale linazingidwa ndi Aluya pamodzi ndi Awemba, Robert Young ali m'kati momwemo ndi asilikari owerengeka. Azungu analemba za Young. Za mkazi amene anatunga madzi masiku amenewo, ndi za mwamuna amene anasunga cipata, zatsala m'mabanja a kwa Chibale, m'Cisenga, ndipo eni ake akukalamba.