Phazi la Makaniko

Buleki ikayamba kufewa, kumalowa ngati waponda siponji, mwini galimoto amathamangira kukagula mapadi. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wafufuza ndi phazi. Amapopa kangapo. Buleki ikalimba popopapo, amakayikira mpweya m'mapaipi, poti mpweya umafinyika pomwe mafuta a buleki safinyika. Akaponda n'kugwira, iyo n'kumatsika pang'onopang'ono chonsecho pansi palibe dontho, ndiye kuti malabala a mu master cylinder atha.

Pomwe ndimawagomera anthu amenewa ndi potulutsa mpweyawo. Mnyamata ali pampando, abwana agona chagada kunsi kwa Corolla yakale, ayambira tayala lomwe lili kutali ndi master cylinder. "Popa! Gwira!" Amasula kanati, mafuta akuda bii alavuka ndi thovu, n'kumanga msanga mnyamatayo asanachotse phazi. Kungochedwa pang'ono, mpweya wabwereranso. Diso lina lili pa kabotolo ka mafuta kubonetiko, chifukwa kakauma ntchito yonse yayambiranso.

Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amatha kuwira galimoto ikamatsika mtunda wautali. N'chifukwa chake abwanawo sakhutira n'kungowonjezera, amakhetsa onse n'kuthira atsopano.