Njovu ya Nsambo ndi Mphenzi ya Mulungushi

Tcherani khutu, a ku Bwacha! Tcherani khutu, a ku Makululu ndi Kasanda! Piyano yatomera mphenzi, ukwati wagwa ku Kabwe!

Ndinu piyano, Njovu ya mano 88, oyera 52, akuda 36. Ndinu Chimphona cha Cristofori, chobadwira ku Florence cha m'ma 1700. Ndinu Phiri la matabwa, m'mimba mwanu nsambo zoposa 200 zokungika ngati mauta a nkhondo. Ndinu Mkango wobangula ndi tinyundo tovala ubweya wa nkhosa. Mukanong'ona, khanda ligona. Mukadzuma, malata a tchalitchi anjenjemera.

Ndani akukutchani mlendo kuno? Asanthule m'chifuwa mwanu aone! Nsambo zanu za besi zavala mkuwa, chuma chomwe njanji ya Kabwe yasenza mibadwomibadwo. M'mano mwanu amisiri anakhomamo mtovu, mbale wake wa mtovu wa mgodi wathu wa Broken Hill, wopezeka mu 1902, wokumbidwa mpaka 1994. Mtovu uja unasiya ululu m'fumbi ndi m'magazi a ana athu. Mwa inu mokha ndimo mtovu umavina!

Nanunso magetsi, Mphenzi ya m'goli! Ndinu mwana wa Mulungushi, mtsinje wotchingidwa mu 1925 kuti uyatse mgodi. Ndinu Namondwe wogona m'kabokosi. Ndinu Liwu lopanda m'mero, Ng'oma yopanda chikopa. Stockhausen anakukhazikani mphasa imodzi ndi piyano ku Cologne mu 1960, n'kubadwa nyimbo ya Kontakte. Davidovsky anakutumani kutola liwu la piyano lisanatsirizike, mphoto ya Pulitzer n'kumugwadira mu 1971. Patrick Mwondela wa gulu la WITCH anakuwetani ndi zala mu chimbale cha Kuomboka, 1984. Ku Pretoria ndi Johannesburg munabala amapiano, mdzukulu wosamva, wogwedeza maminibasi.

Tsono inu mpeki, Nkhoswe ya ukwati umenewu! Inu wolowetsa maikolofoni awiri pansi pa chivundikiro. Inu wa phazi pa pedulo, dzanja lamanzere pa besi, lamanja pa laputopu. Mumagwira liwu limodzi pakhosi, mumalitambasula lifanane ndi dambo la Lukanga. Mumaliyendetsa chafutambuyo. Mumalibweza, mumalibwezanso, mpaka liwu limodzi lisanduke khamu. Mumatchera kulira kwa sitima pa siteshoni, mumakukazinga mu kompyuta, kumatuluka kuli bingu. Magetsi akathima, paja kuno sapempha chilolezo, Njovu imalimira yokha munda wonse, mkwati akabwera apeza nyimbo yafika kale m'chiuno.

Lululutani, amayi! Pondani pansi, madoda! Mkuyu waukulu wa pakati pa tauni uyoyole nkhuyu. Mwala wa Mulungushi uyankhe. Kwezani masipika, kwezaninso, mpaka chigaza cha munthu wakale chija chinafukulidwa mu mgodi mu 1921 chimve chili ku London kuti kwawo kwagwa gule!